Usiku umene ndinamva mphenzi zakutali pa Lichenya

Kawailesi ka Anganga

Anganga anga sankadikira wolengeza zanyengo kuti awauze za mvula, komabe ankaidziwira pa wailesi. Kanali kawailesi ka mabatire anayi, kokhala pazenera, kofunditsidwa kansalu koluka pamanja. Masana a mu Novembala, dzuwa likuswa mtengo, nyimbo zili mkati pa MBC, kawailesi kaja kankayamba kuthetheka ngati nkhuni zaziwisi pamoto. Kumwamba kuli mbee, phiri la Mulanje likuoneka lonse mpaka kunsonga. Koma Anganga ankaika lichero pansi n'kuitana, “Iwe, kaanule ufa uja. Kuthethekaku si kwachabe.” Ndipo nthawi zambiri, pofika cha m'ma 4 koloko, mitambo yakuda inali itasuzumira kuseri kwa phiri.

Ndinakula ndikuganiza kuti wailesiyo inali itangokalamba. Lero ndimakonza mafoni, mawailesi ndi ma inverter pa kashopu kanga pa Chitakale, ndipo ndikulemba izi chifukwa cha usiku wina wa mu Juni umene ukukana kuchoka m'mutu mwanga. Usiku umenewo ndinamva zimene Anganga ankamva, koma zili poyera, popanda nyimbo pamwamba pake.

Kumene muvi wa wailesi sufika

FM timaipeza pakati pa 88 ndi 108 MHz. Pansi pake pali shortwave, pansi pakenso medium wave imene Anganga ankamvera. Mukapitiriza kutsika mumafika kumene wailesi ya m'nyumba ilibe nambala: pakati pa 3 ndi 30 kHz, dera limene amalitcha VLF (1 Hz ndi funde limodzi pa sekondi, 1 kHz ndi mafunde 1,000 pa sekondi). Funde limodzi la FM ndi lotalika mamita atatu. Funde limodzi la VLF limatalika makilomita 10 mpaka 100.

Chimene chinandikoka mtima ndi ichi. Khutu la munthu limamva kuyambira 20 Hz kufika cha ku 20 kHz, ndiye kuti gawo lalikulu la VLF likugwera momwemo. Mafundewo si mawu ayi, ndi amagetsi, ndipo khutu palokha silingawamve. Koma ukawakola ndi waya, n'kuwakuza, n'kuwapereka ku mahedifoni, amasanduka mawu pomwepo. Palibe chotchuna, palibe siteshoni yofunafuna.

Chipangizo changa choyamba sichinandidyere ndalama. Kamlongoti ndinachotsa pa wailesi yakufa imene mwini wake sanabwere kudzaitenga, kotalika mita imodzi. Kutsogolo ndinaika transistor ya mtundu wa JFET, kenako ka LM386 kokuza mawu, batire la 9 volts, zonse m'chitini cha bisiketi. Dzanja lako likagwira chitinicho, thupi lako ndilo limalumikiza chipangizocho ndi nthaka. Chachiwiri chinali cholowetsa mu laputopu: ndinakulunga waya wa mu transformer yopsa maulendo 80 kuzungulira matabwa awiri opingasa ngati mtanda kuti ukhale mlongoti, n'kulumikiza ku sound card, kachipangizo ka mawu ka laputopu, kudzera pa amplifier yaing'ono. Pulogalamu yaulere ya Spectrum Lab ndiyo imajambula zimene zikulowa. Sound card wamba wa 48 kHz amaona mpaka 24 kHz, ndipo zimenezo n'zokwanira kuyambira.

Kulira kwa mawaya

Tsiku loyamba ndinayatsa chitini changa kuseri kwa shopu, ndipo chimene chinadzaza makutu chinali kulira kumodzi kokha, “mmmmmm”, kolemera ngati njuchi zili mu mng'oma. Amenewo ndi magetsi athu a 50 Hz, pamodzi ndi ana ake a 150, 250, 350 Hz mpaka m'mwamba. Pamwamba pake pali kulira kwa ma charger a mafoni, mababu a LED ndi ma inverter omwewo amene ndimakonza. Chizindikiro chofooka chochokera kutali sichingapikisane ndi phokoso limene likubadwira pakhoma lako.

Ndinayesa kumunda wa tiyi Lamulungu madzulo. Kunali kwabwinoko, koma mawaya opita kufakitale anali akulirabe chapansipansi, ngakhale sindinkawaona ndi maso.

Pali chinanso chimene anzathu akunja amene amachita zimenezi saganizira. Kuno sungangonyamula chitini chokhala ndi mlongoti, mahedifoni kumakutu, n'kukaima kumunda usiku. Amene tinali kuno mu 2017 tikukumbukira mphekesera za anamapopa zimene zinafalikira ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo, ndipo anthu anataya miyoyo chifukwa chongokayikiridwa. Choncho ndisanayambe kuyenda usiku ndinapita kwa amfumu masana, ndinatsegula chitini pamaso pawo ndi pamaso pa nduna zawo, ndinawaveka mahedifoni kuti amve okha. Ndikupempha aliyense amene angafune kuyesa zimenezi kwathu kuno kuti ayambire pomwepo, asanagule n'komwe transistor.

Chinthu choyamba chenicheni ndinachiona usiku wina magetsi atazima dera lonse. Ndinayatsa laputopu pa batire, ndinatembenuza mtanda wanga pang'onopang'ono, ndipo pa 19.8 kHz panatuluka mzere wowala, wosasuntha. Imeneyo ndi siteshoni ya NWC, ya Harold E. Holt, pafupi ndi tawuni ya Exmouth kumadzulo kwa Australia. Inayamba ntchito mu 1967, ili ndi nsanja 13, yapakati yotalika mamita 387, ndipo imalankhula ndi sitima zankhondo zoyenda pansi pa madzi, chifukwa mafunde a VLF amalowa m'madzi a m'nyanja mamita angapo pamene mafunde a wailesi wamba amathera pamwamba. Kuchoka kumeneko kufika pakhonde panga ndi makilomita oposa 8,000. Ndinakhala ndikuyang'ana mzerewo mpaka batire linatha.

Koma mzere pa sikirini ndi wa maso. Ine ndinkafuna za makutu, ndipo ndinadziwa kuti pansi pano sindingazipeze.

Lichenya

Tinanyamuka pa Likhubula m'mamawa kukwera ku Lichenya, pamwamba pa phiri la Mulanje, ine ndi wolondolera njira amene ndimamudziwa kuyambira tili ana, wamkulu kwa ine ndi zaka zingapo. Chiperoni chinali chitangotha masiku atatu apitawo, njira idakali yoterera m'malo a mthunzi. M'chikwama munali ufa, usipa, bulangeti ziwiri ndi chitini changa chokulungidwa m'juzi. Laputopu ndinaisiya dala.

Tinafika pa Lichenya dzuwa litapendeka, miyendo ikunjenjemera. Mlonda wa pa nyumba yogona alendo, bambo wachikulire wa chipewa choluka, anali atakoleza kale moto. Tinadya nsima, tinaotha, ndipo cha m'ma 9 koloko ndinati, “Achimwene, tiyeni titalikire pang'ono. Zimitsani foni, ndi tochi yomwe tikafika.” Mlonda uja anafunsa kumene tikupita usiku ngati umenewu. Nditamufotokozera, anavala jekete lake n'kutitsatira osanena kanthu.

Tinayenda mwina mamita 200, mpaka pa thanthwe lina lathyathyathya pakati pa udzu. Kuzizira kwake kunali koluma zala. Kumwamba kunalibe kamtambo ngakhale kamodzi, nyenyezi zili mbuu mpaka kumapeto kwa maso. Ndinasolola kamlongoti, ndinagwira chitini ndi dzanja lopanda golovesi, ndinayatsa.

Choyamba chimene ndinamva chinali kusowa kwa “mmmmmm” uja. Ndinali nditamuzolowera kwambiri moti kwa kanthawi ndinaganiza kuti waya wina waduka m'njira. Kenako makutu anatseguka. Tche. Tche-tche. Thethethe. Kuthetheka kouma, kosalekeza, kwina pafupi kwina kutali, ngati chimanga chikukazingidwa m'phale nyumba yachitatu. Ndipo pakati pa kuthethekako panali mawu ena amene ndinali ndisanawamvepo ndi makutu anga: “tiing”, “tyuu”, aafupi, omveka ngati madontho akugwera mu ndowa yachitsulo yopanda kanthu, lililonse ndi kamchira kake kolira. Ena amabwera awiriawiri. Ena amabwera ambiri nthawi imodzi, kenako bata, kenako limodzi lokha loyera bwino.

Sindikudziwa kuti ndinaima nthawi yaitali bwanji. Anandidzutsa ndi wolondolera uja, kundigwira paphewa. Ndinamuveka mahedifoni, anamvetsera pang'ono, anaseka n'kunena kuti zikumveka ngati achule a kudambo. Kenako ndinatembenukira kwa mlonda.

“Bambo, tamvaniko.”

Anavula chipewa, ndinawaveka, ndinaika dzanja lawo pachitini. Anaima chilili, mutu ataweramitsa, mpweya wa m'kamwa ukuoneka mumdima. Mphindi imodzi inadutsa, yachiwiri, yachitatu. Kenako anakweza mutu n'kuyang'ana kumwamba mbali zonse zinayi, kufunafuna chinachake, ndipo anafunsa motsitsa mawu:

“Mwana wanga, mvula imeneyi ikugwa kuti? Kuno ndi Juni.”

Ndinali ndisanatchule mawu oti mphenzi kapena mvula. Ndinangowauza kuti tikukamvera mafunde a mumlengalenga. Koma iwo anazindikira kuthetheka kuja pomwepo, monga mmene umazindikirira chifuwa cha m'bale wako ali kuseri kwa mpanda. Anali anthu a m'badwo wa medium wave, ngati Anganga.

Ndinawayankha kuti ikugwa kutali, mwina kumpoto kumene ino ndi nyengo yadzinja, mwina pamwamba pa nyanja yaikulu, makilomita masauzande kuchoka pamene taima. Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, mahedifoni adakali kumakutu.

“Ndiye kuti kwinakwake mayi wina akutchera ndowa pakhonde,” anatero.

Mawu amenewo ndi amene andikhala. Ine ndinakwera phiri ndili ndi manambala m'mutu. Iwo anamva mudzi wa anthu ena, denga likudontha, ana akuthamangira m'nyumba.

Kamchira kolira kaja

Mphenzi iliyonse ndi siteshoni ya wailesi ya kanthawi kochepa kwambiri, ndipo mphamvu yambiri ya mafunde ake imatulukira mu VLF. Kuthetheka koumako akatswiri amakutcha sferics. Madontho a mu ndowa aja amawatcha tweeks, ndipo chimene chimawapanga ndi denga limene lili pamwamba pathu.

Kumwamba kuli gawo la mpweya wokhala ndi magetsi, ionosphere. Masana, dzuwa likuwomba, m'munsi mwake mumatsika kufika makilomita pafupifupi 70 ndipo mumameza mafunde ambiri. Usiku mumakwera kufika cha pa makilomita 90 n'kuyamba kubweza mafunde bwino. Ndiye funde la mphenzi limayenda pakati pa nthaka ndi dengalo, likugunda pansi, likugunda pamwamba, ngati mawu a mwana akufuula mu payipi yamadzi. Mbali zake za mawu okwera, za ma kHz ambiri, zimafika msanga. Za mawu otsika zimachedwa, ndipo zimene zili pafupi ndi 1.7 kHz ndizo zimafika pomalizira, n'kupanga kamchira kaja. Nambala imeneyi si yongopeka: tengani liwiro la kuwala, makilomita 300,000 pa sekondi, mugawe ndi kutalika kwa denga kawiri, 180, mupeza pafupifupi 1,670. Kutanthauza kuti ndi chitini cha bisiketi ndi khutu labwino, munthu ataima pa Lichenya akhoza kuyeza kutalika kwa denga limene sadzaliona. Kamchira kakatalika, ndiye kuti mphenziyo yachokera kutali kwambiri.

Palinso mawu ena amene ndinawadikira mpaka cha m'ma 2 koloko koma sanabwere: mluzu wotsika, “pyuuuu”, wotha sekondi imodzi kapena kupitirira, umene amautcha whistler. Umenewu umabadwa mphamvu ya mphenzi ikaboola denga lija, n'kutsata mizere ya maginito a dziko kupita kutali mumlengalenga, n'kukatsikira mbali ina ya dziko. Heinrich Barkhausen wa ku Germany analemba za mluzuwu mu 1919, atawumva pa zipangizo zobera mauthenga a mafoni a adani pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Amene anafotokoza njira yake ndi Owen Storey ku Cambridge mu 1953. Umamveka kwambiri m'madera otalikirana ndi equator, ndipo kwathu kuno ndi wosowa. Ndinabwerera kukagona zala zitauma, koma osadandaula.

Mphenzi kwathu

Kwathu mphenzi si nkhani yamasewera. Imapha anthu m'minda, imapha ng'ombe pansi pa mtengo, imatentha nyumba zaudzu. Ndipo ikagwa, funso loyamba limene limamveka pamaliro si loti inagwa bwanji, koma loti waitumiza ndani. Ndili mnyamata ndinaona gogo wina wa m'mudzi woyandikana nafe akusamutsidwa chifukwa mphenzi inagwera khola la munthu amene anakangana naye za malire a munda. Nthawi imeneyo sindinanene kanthu, ndipo mumtima ndinali ndi mantha omwewo amene aliyense anali nawo.

Pa Lichenya ndinamva mphenzi zambirimbiri mu mphindi imodzi yokha, usiku wopanda mtambo. Zoyeza za m'mlengalenga zimaonetsa kuti padziko lonse pamang'anima mphenzi pafupifupi 45 pa sekondi iliyonse, usana ndi usiku, chaka chonse, ndipo kum'mawa kwa DRC ndi amodzi mwa malo amene zimachuluka kwambiri. Nambala imeneyi ndinali nditaiwerenga kale. Koma kuiwerenga ndi kwina, kuimva ikuthetheka m'makutu mosapuma ndi kwinanso. Kuchokera usiku umenewo, ndikamva wina akuloza chala gogo chifukwa cha mphenzi, ndimalephera kukhala chete. Sindikangana ndi munthu za chikhulupiriro chake. Ndimangomupempha kuti tsiku lina madzulo apite nane kumunda, avale mahedifoni, awerenge yekha.

Mantha a mphenzi enieniwo sanandichoke, ndipo sindifuna kuti achoke. Ndikaona ching'aning'ani ndimawerenga masekondi mpaka bingu limveke: masekondi atatu ndi kilomita imodzi. Koma lamulo langa ndi lophweka kuposa pamenepo. Bingu likangomveka, kaya lili kutali bwanji, mlongoti ndimaupinda n'kulowa m'nyumba. Munthu woima pathanthwe ndi chitsulo m'manja nthawi ya mvula akuitana imfa.

Makina a ku Grimeton

Pali chizindikiro chimodzi chopangidwa ndi anthu chimene ndikuchifunabe. Ku Grimeton, pafupi ndi Varberg ku Sweden, kuli siteshoni yotchedwa SAQ imene inayamba kutumiza mauthenga ku America mu 1924. Ilibe transistor, ilibe valavu. Mafunde ake amapangidwa ndi chimakina chozungulira cha 200 kW chimene anakonza Ernst Alexanderson, ndipo amatuluka kudzera pa nsanja zisanu ndi imodzi zotalika mamita 127 iliyonse. UNESCO inaika malowa pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2004, mndandanda womwewo umene phiri lathu la Mulanje linalowa mu 2025. Masiku ano amangoyatsa makinawo pa masiku apadera, makamaka pa 24 Disembala m'mawa ndi pa tsiku lokumbukira Alexanderson kumapeto kwa Juni kapena kumayambiriro kwa Julaye. Amatumiza uthenga wa Morse, wa timadontho ndi timizere, pa 17.2 kHz, funde lotalika makilomita 17.

Anthu okonda wailesi padziko lonse amatchera makutu tsiku limenelo, ndipo kufooka kwa chizindikiro sikuwabweza m'mbuyo. Ndi anthu omwewa amene pa bandi yawo ya 135.7 mpaka 137.8 kHz amatumizirana Morse wochedwa kwambiri wotchedwa QRSS, kadontho kamodzi kakutha masekondi atatu, nthawi zina mphindi yathunthu, kuti kompyuta isonkhanitse pang'onopang'ono kamphamvu kamene kamira m'phokoso mpaka zilembo zioneke pa sikirini. Kutumiza kumafuna laisensi ya MACRA ndi dzina la pa wailesi loyamba ndi 7Q. Ine pakadali pano ndine womvetsera chabe.

Pa 24 Disembala ndinayesa. Uthenga umayamba 08:00 UTC, imene kuno ndi 10 koloko m'mawa. Anzanga ali kalikiliki kugula mpunga ndi nkhuku, ine ndinatseka shopu, ndinakwera kabaza ndi mtanda wanga mpaka kumunda kwa amalume kumene kulibe waya wamagetsi. Ndinalozetsa mtanda kumpoto, ndinatsegula Spectrum Lab, ndinapanikiza zenera pa 17.2 kHz. NWC inali pamalo pake, yowala monga mwa nthawi zonse. Koma sikirini yonse inali mizeremizere yopingasa, ngati nsalu yokandidwa ndi mphaka. Imeneyo inali mvula yathu yomwe, mitambo itayamba kale kuunjikana cha ku Mozambique. Grimeton ili pa mtunda wofanana ndi wa Exmouth, makilomita oposa 8,000, koma mphamvu yake ndi yochepa kwambiri poyerekeza, ndipo Disembala kuno ndi pakati pa dzinja. Ndinajambula mphindi 40, ndinakaziunika usiku kunyumba kangapo konse. Palibe chilembo chimene ndinganene ndi mtima wonse kuti ndinachiona.

Ndiye ndikudikira Juni, mphenzi zathu zitagona. Mtanda ndikuukulitsa kuti mbali iliyonse ikhale mita imodzi ndi theka, wolumikiza ndi mabawuti kuti uthe kunyamulika pamsana, ndipo ndapeza batire lina la laputopu. Mwezi watha mlonda wa pa Lichenya anatsika kudzagula mankhwala pa boma, ndipo anadutsira pashopu. Sanakhale pansi. Anangoima pakhomo, anayang'ana matabwa ndi waya zili mbwee pa tebulo, n'kufunsa ngati chitini chija chikadalipo. Ndinawaonetsa pa shelefu. Anati ndikadzakwera ndidzatenge mahedifoni awiri, chifukwa mdzukulu wawo wamkazi wa Sitandade 7 wakhala akuwavutitsa kuti akufuna akamve yekha mvula ya anthu ena.